Makoko a mtedza apite kuti: kumunda, pamoto kapena kufakitale?

Kuyambira mwezi wa June mpaka August, munthu woyenda pamsewu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Mchinji amalonjeredwa ndi utsi wosiyana ndi wa moto wa osaka mbewa kapena wa uvuni wa njerwa. Umachokera kuseri kwa mashedi ogulira mbewu ndi kumadzala a m'midzi, komwe milu ya makoko a mtedza imanyeka pang'onopang'ono. Moto wake suyaka lawi, umangofuka, ndipo mulu umodzi umatha masiku usanazime. Zomwezi zimaoneka ku Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Salima, maboma omwe pamodzi ndi Lilongwe ndi Mchinji amalima mtedza wambiri m'dziko muno.

Utsiwu palibe amaudandaula. Kwa mlimi, ntchito ya mtedza imatha njere zikalowa m'thumba ndipo thumbalo likakwera pasikelo. Kwa venda, makoko ndi chipsinjo chongodya malo ndi kuitana makoswe. Komabe kuchuluka kwa zomwe zikupsazi si kwamasewera. Pa makilogalamu 100 alionse a mtedza wosaswa, makilogalamu pakati pa 25 ndi 30 amakhala makoko. Ziwerengero za bungwe la FAO zikusonyeza kuti m'zaka zaposachedwapa Malawi wakhala akukolola matani oposa 300,000 a mtedza wosaswa pachaka. Kutanthauza kuti chaka chilichonse dziko lino limatsala ndi matani a makoko osachepera 75,000, ndipo ambiri mwa iwo sawerengeredwa m'buku la wina aliyense.

Zaka khumi zapitazo nkhani yotere ikadangoseketsa anthu. Lero zinthu ziwiri zomwe banja lililonse limadalira zathawa m'manja mwa anthu wamba, zomwe ndi feteleza ndi moto wophikira. Pomwe pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, mlimi wosankhidwa ankaombola thumba la feteleza pa K4,495. Kenaka kudabuka nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa thumba lomwelo m'sitolo udadutsa K100,000. Chiwerengero cha opindula ndi pulogalamuyo nacho chidanka chitsika chaka ndi chaka, kusiya mabanja ambiri akuyang'ana kukhola ndi kudzala kuti chimanga chawo chidye chiyani.

Kumbali ya moto zinthu sizili bwino. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 imavomereza kuti mabanja pafupifupi 97 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo asilikali adatumizidwapo kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, koma njinga zonyamula makala sizidaleke kutsetserekera mumzindawo mbandakucha ulionse. Mitengo ikamatha, thumba la makala limakwera. M'nyengo yotere, chinthu chouma chomwe chimayaka komanso chimatha kuola n'kusanduka nthaka chayamba kukhala ndi eni ake ambiri, ndipo eniwo sakufuna chinthu chimodzi.

Nthaka ikuwafuna, ngakhale si feteleza

Nkofunika kuyamba ndi zomwe makoko sangachite, chifukwa feteleza akakwera mtengo pamabuka alaliki ambiri a njira zachidule. Makoko a mtedza ali ndi mchere wa nayitirojeni wochepa, pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100. Thumba la makilogalamu 50 la feteleza wa Urea lili ndi makilogalamu 23 a mcherewu. Kuti mlimi apeze mchere wofanana ndi wa thumba limodzilo, angafunike makoko oposa matani awiri, omwe angachokere ku mtedza wosaswa wokwana matani asanu ndi atatu kapena kuyandikira pamenepo. Mlimi wamng'ono wa ku Kasungu, yemwe kawirikawiri sapitirira tani imodzi pa hekitala, sangaone makoko ochuluka chotero ngakhale atasunga zokolola za zaka zisanu. Wouza mlimi kuti makoko alowa m'malo mwa Urea akumunamiza.

Ntchito yeniyeni ya makoko ili pa thupi la nthaka. Minda yambiri ya m'chigawo chapakati yalimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi akutenthedwa, mizere ikugaulidwa ndi khasu pa kuya komweko. Zoolerana zomwe zinkagwirizanitsa dothi zidatha, ndipo mvula ikagwa madzi amathamanga pamwamba m'malo molowa pansi. Kafukufuku yemwe boma lidachita mothandizana ndi FAO adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Nthaka yotere siyamika feteleza. Mlimi amathira thumba lomwe wagula movutikira, mchere wina n'kukokoloka, wina n'kulowerera pansi pomwe mizu sifika, ndipo phindu lake limakhala theka la zomwe amayembekezera. Ng'amba ya El Niño ya 2024, yomwe idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, idaonetsa poyera kusiyana kwa munda wosunga chinyezi ndi munda womwe umauma mvula ikangodula masiku ochepa. Msonkhano wa atsogoleri a mu Africa wokambirana za feteleza ndi thanzi la nthaka, womwe udachitikira ku Nairobi mu May chaka chomwecho, udatsindika mfundo yomweyi, yoti feteleza wa m'thumba ayende limodzi ndi manyowa.

Makoko ali ndi ulusi wolimba wofanana ndi wa mtengo, n'chifukwa chake amachedwa kuola. Kuchedwako ndi ubwino wake komanso msampha wake. Ubwino ngwakuti amakhalitsa m'nthaka, kuimasula ndi kuithandiza kugwira madzi kwa nthawi yaitali kuposa masamba omwe amasungunuka m'masabata ochepa. Msampha umagwira mlimi wopupuluma yemwe amakwirira makoko osaola m'mizere mvula ili pafupi. Tizilombo ta m'nthaka tomwe timaoletsa zinthu timafuna nayitirojeni kuti tigaye ulusiwo, ndipo popeza m'makokomo mulibe wokwanira, timabwereka wa m'nthaka, yemweyo amene chimanga chimayembekezera. Zotsatira zake chimanga chimachita chikasu chikadali chaching'ono, mwini munda n'kulumbira kuti makoko amawononga nthaka, ndipo chaka chotsatira amawayatsa moto.

Njira yomwe ikuoneka yanzeru kuposa zonse imadzera kukhola. Gawo lalikulu la nayitirojeni yemwe chiweto chimatulutsa limakhala mu mkodzo, ndipo m'makola ambiri a m'midzi mkodzowo umangolowa pansi kapena kuuluka ndi dzuwa. Makoko ouma akayalidwa m'khola la mbuzi, ng'ombe kapena nkhumba amamwa mkodzowo, amasakanikirana ndi ndowe, ndipo ziboda zimawaphwanya popanda munthu kugwira musi. Khola limauma, fungo ndi ntchentche zimachepa. Pakatha milungu ingapo, zomwe zatuluka m'kholamo zimakhala zitapeza kale mchere womwe unkasowa, ndipo zikaikidwa m'dzenje kapena pa mulu wa chimato, mosanjikiza ndi masamba aawisi a deliya, nandolo kapena gliricidia, phulusa pang'ono ndi madzi, zimatentha ndi kupsa bwino. Banja lopanda ziweto litha kutsata njira yomweyi podalira masamba aawisi ochuluka ndi zitosi za nkhuku, bola makokowo ayambe aphwanyidwa mumtondo kapena kupondedwa, ndipo mulu uzitembenuzidwa.

Apa mpomwe makoko akusiyana ndi manyowa a Mbeya, omwe atchuka kwambiri chikwerereni feteleza. Manyowawa amapangidwa posakaniza gaga, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kuzitsekera m'thumba kwa masiku 21. Vuto lake nlakuti gaga ali ndi ofuna ambiri: nkhumba, nkhuku, ophika kachasu, ndipo chaka cha njala anthu omwe. Ena amaganiza zoika makoko m'malo mwa gaga, koma masiku 21 ndi ochepa kwa chinthu cholimba chotero. Makoko ndi a manyowa odekha, ofuna miyezi itatu kapena kuposerapo.

Kudimba nkhani yake ndi yosavuta. Makoko akayalidwa pamwamba pa bedi la tomato, mpiru kapena anyezi, osawakwirira, amaphimba nthaka kuti isaume msanga, amachepetsa udzu, ndipo amateteza dothi kuti lisagumuke pothirira ndi kheni. Mayi yemwe amatunga madzi pachitsime m'mwezi wa October amadziwa mtengo wa ulendo umodzi womwe wapulumuka. Pali zodandaula ziwiri zomwe zimamveka. Makoko ndi opepuka moti mphepo ya mwera imawaulutsa ngati sadanyowetsedwe atangoyalidwa, komanso amaitana chiswe. Pa za chiswe alimi sagwirizana: ena amati chikapeza zouma zoti chidye chimasiya mbewu, ena amati chikatha zoumazo chimalowa m'mbewu momwemo. Chomwe onse amavomereza nchakuti zophimbira zisagunde tsinde la mbewu. Osamalira nazale za mitengo nawo amasakaniza makoko oola ndi dothi la m'machubu kuti lisaume gwa.

Amayi a m'midzi sadadikire katswiri kuti awauze zoti makoko ali ndi ntchito. Kuyambira kale, phulusa la makoko ndi masangwe a mtedza, monga la zitsononkho ndi makoko a nyemba, lakhala likuchezedwa n'kukhala chidulo chophikira therere ndi kufewetsera ndiwo zamasamba. Odziwa za kadyedwe amachenjeza kuti chidulo, monga soda wa m'sitolo, chimapha mavitamini ena m'ndiwo, koma mfundo ya sayansi yomwe ili kumbuyo kwake ndi yomweyo imene imapatsa phulusali ntchito kumunda: lili ndi potaziyamu ndi kashiyamu, ndipo limachepetsa asidi m'nthaka. Kutanthauza kuti ngakhale mulu womwe wapsa kale kuseri kwa shedi sudatheretu ntchito. Chomvetsa chisoni nchakuti phulusa lake limasiyidwa pomwepo mpaka mvula yoyamba italikokolera mu ngalande.

Chuku sichikhala m'njere mokha

Nkhani ya mtedza m'Malawi singakambidwe popanda kutchula chuku. Nkhungu ya mtundu wa Aspergillus flavus imakhala m'nthaka, imalowa mu mtedza ukakumana ndi ng'amba pokhwima, ukavulazidwa ndi khasu pokumba kapena ukasungidwa usanaumitsitse, ndipo imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko lapansi lidamuzindikira poizoniyu mu 1960, pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 adapha anthu 125 ku Kenya kudzera m'chimanga. Akamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kafukufuku wambiri amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana, vuto lomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza mwa ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno. Kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa.

Chuku chomwechi ndi chimodzi mwa zomwe zidalanda Malawi msika wa ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1970 mtedza wa Chalimbana unkatumizidwa kunja wambiri kudzera ku ADMARC, koma maiko a ku Ulaya atakhwimitsa malamulo, mpaka kufika poletsa mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoniyu wopitirira magawo anayi pa biliyoni, zitseko zambiri zidatsekeka. Alimi a ku Mchinji omwe ali pansi pa NASFAM adayambiranso kutumiza mtedza ku Britain m'zaka za m'ma 2000 pokhapokha atakhwimitsa kasankhidwe ndi kayezedwe kake.

Makoko ali pakatikati pa nkhaniyi. Khoko ndi chishango cha njere, ndipo mtedza woumitsidwa bwino umasungika nthawi yaitali uli m'makoko kuposa utaswedwa. Koma kuswa ndi manja ndi ntchito yowawa yomwe kawirikawiri imagwera amayi ndi ana, usiku ndi usiku, mpaka zala kuchita matuza. Pofuna kufewetsa khoko, ambiri amawaza madzi pa mtedza asanayambe kuswa, ndipo ena amawaza kuti thumba lilemere pasikelo. Akatswiri a bungwe la ICRISAT, lomwe lili ndi malo ake ku Chitedze, ndi alangizi a boma akhala akuletsa mchitidwewu kwa zaka chifukwa chinyezicho chimadzutsa nkhungu. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri nchakuti makoko onyowetsedwawo, akaunjikidwa pamulu, amakhala munda wa nkhungu yomweyo.

Choncho si makoko onse oyenera ntchito iliyonse. Akuda, onunkha chinyezi kapena ochita ufa wobiriwira sayenera kulowa m'khola la anapiye, chifukwa fumbi la nkhungu limawononga mapapo awo ndipo amatha kufa ambiri nthawi imodzi. Sayeneranso kusakanizidwa ndi chakudya cha ng'ombe zamkaka, popeza poizoni wa chuku amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kukafika mu mkaka. Ngakhale makoko abwino, chakudya chake m'mimba mwa chiweto nchochepa. Chomwe ziweto zimapindula nacho kwenikweni ndi masangwe. Makoko okayikitsa malo ake ndi pamoto kapena pakati pa mulu wa manyowa wotentha bwino, ndipo mlimi wosamala sawabwezera m'munda womwe adzalemo mtedza chaka chomwecho. Wopeta ndi wosesa makoko ochita nkhungu nayenso ali pangozi yopuma fumbilo.

Makoko akachoka m'mudzi

Pofuna kuthana ndi chuku, ogula akuluakulu ndi mabungwe akhala akulimbikitsa alimi kugulitsa mtedza wosaswa. Fakitale yomwe kampani ya Pyxus idatsegula ku Kanengo mu 2022 ndi chitsanzo cha komwe malondawa akulowera: mtedza umachoka kwa mlimi uli m'makoko, n'kukaswedwa ndi makina, kusankhidwa ndi kuyezedwa pamalo amodzi. Pa umoyo wa anthu ndi pa malonda akunja, njirayi ili ndi mfundo zomveka. Imachotsa chifukwa chowazira madzi, imapumitsa zala za amayi, ndipo imachepetsa njere zosweka ndi zonyala zomwe venda akazikana zimabwerera kunyumba n'kukhala nsinjiro za phala la mwana.

Koma thumba lililonse la mtedza wosaswa lomwe lakwera lole limanyamulanso gawo la munda. Mtedza umatamandidwa kuti umabwezera chonde chifukwa mizu yake imakoka nayitirojeni wa mumpweya, koma phindulo limatsala m'munda pokhapokha zotsalira zake zikatsala. Njere zikapita kumsika, makoko kufakitale, masangwe n'kutenthedwa ndi osaka mbewa kapena kudyedwa ndi ziweto za eni ake ena m'chilimwe, munda umatsala ndi mizu yokha. Kashiyamu yemwe mtedza umayamwa kudzera m'khoko lenilenilo pomwe ukukhwima pansi, yemwe akasowa mtedza umabereka makoko opanda njere, nayenso amapita osabwerera.

Izi sizikutanthauza kuti mlimi akane kugulitsa mtedza wosaswa. Makilogalamu 100 kapena 120 a makoko ochokera pa ekala imodzi sangafanane mtengo ndi chiwindi cha mwana. Koma zikusonyeza kuti pali chinthu chomwe chikusinthana manja popanda mtengo. Mlimi akamakambirana ndi wogula, onse awiri amawerengera kulemera kwa njere ndipo khoko amaliona ngati chochotsera pa mtengo. Tsiku lomwe makoko a pafakitale adzayambe kugulitsidwa ngati nkhuni za mafakitale ena, zoyala m'makola a nkhuku zamalonda kapena zolimira bowa, phindu lake lidzatsala m'tauni. Magulu a alimi omwe ali ndi makina awoawo oswera mtedza ali ndi mwayi womwe ambiri sadauone: atha kuswa mtedza wouma popanda dontho la madzi, kugulitsa njere pa mtengo wabwino, ndipo membala aliyense n'kubwerera kwawo ndi makoko ake pangolo.

Komwe makoko aunjikana kale m'matauni ndi m'misika ikuluikulu, kuwabwezera kumunda nkovuta. Ndi opepuka koma odya malo, moti lole imadzaza isanalemedwe, ndipo mtengo wa dizilo umaposa phindu la katunduyo. Kumeneko ntchito yomveka ndi ya moto. Pa kulemera kofanana, makoko ouma amatulutsa kutentha kosasiyana kwenikweni ndi nkhuni. Chovuta nchakuti akathiridwa pa mafuwa amayaka mofulumira, kapena amatsamwitsa moto n'kudzaza khitchini ndi utsi. N'chifukwa chake amafunika kuumbidwa. Ena amawapanikiza ndi makina amphamvu mpaka kukhala ngati zidutswa za mtengo, zoyenera m'masukulu ogonera konko, m'zipatala ndi m'mafakitale omwe amatha nkhuni zambiri. Ena amayamba awawotcha mu mgolo wosalowa mpweya wambiri mpaka ade ngati makala, n'kuwasinja, kuwasakaniza ndi phala la chinangwa kapena dothi pang'ono, n'kuumba timibulu toyanika padzuwa.

Makala oumbawa akhala akuyesedwa m'dziko muno kwa zaka zambiri, kuchokera ku utuchi, mapepala, mankhusu a mpunga ndi zina, koma sadalande msika wa makala a mitengo. Zifukwa zake zimadziwika kwa mayi aliyense yemwe adawayesapo. Oumbidwa mosasamala amafumbutuka m'thumba, amachedwa kukolera, amasiya phulusa lambiri ndipo salimba pophika nyemba. Pamwamba pa izo, wowotcha makala m'nkhalango mozemba salipira mtengo womwe wadula, pomwe woumba makala amalipira makina, magetsi, antchito ndi mayendedwe. Mpikisano wotere ngwokondera kuyambira pachiyambi. Mbaula ya dothi ya Chitetezo idafalikira chifukwa boma ndi mabungwe adaikapo chandamale cha mbaula 2 miliyoni pofika 2020 ndipo adayenda nayo m'midzi. Makala oumba sadapezebe owayendera motero, ngakhale ndondomeko ya makala ija imatchula kufunika kwa njira zina zophikira.

Makala omwewo a makoko, akapanda kuumbidwa, ali ndi ntchito ina yomwe ofufuza akuitcha biochar. Akasinjidwa n'kusakanizidwa ndi manyowa asanapite kumunda, amakhala m'nthaka zaka zambiri osaola, akugwira madzi ndi mchere m'timabowo take, ndipo amathandiza kwambiri m'dothi lamchenga ndi la asidi. Apa moto ndi munda zimakumana: kutentha kotuluka powotcha kutha kuphikira, chotsala n'kupita kunthaka. Koma njirayi ikufuna wophunzitsa, ndipo alangizi a zaulimi m'madera ambiri ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja omwe akuyenera kuwayendera.

Pamenepa mpomwe pali kusiyana pakati pa zolankhula ndi bajeti. Chiyambireni pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo mu 2005, gawo lalikulu la ndalama za Unduna wa Zamalimidwe lakhala likuthera pogula ndi kugawa matumba, pomwe ulangizi ndi kafukufuku zimagawana zotsala. Unduna umakhazikitsa kampeni yopanga manyowa pafupifupi chaka chilichonse, akuluakulu n'kujambulitsa atagwira fosholo pambali pa mulu, koma uthenga wake umakhala wa mapesi, udzu ndi ndowe mwachisawawa. M'maboma olima mtedza uthengawo ukadayenera kutchula makoko ndi dzina, kunena oyenera kukhola ndi oyenera pamoto, ndi kuchenjeza za kuwakwirira osaola. Makhonsolo omwe amatolera ziphaso m'misika momwe milu imafukamo ali ndi mphamvu yopatula malo osungira makoko ouma kuti owafuna adzatenge, m'malo molekerera moto womwe ana a sukulu ndi ogulitsa mandasi amapuma tsiku lonse. Ogula mtedza wosaswa pa mgwirizano ndi alimi nawo angafunsidwe, pokambirana mitengo, kuti khoko akuliwerengera bwanji.

Nthawi nayo ili ndi malire ake. Mtedza umakumbidwa pakati pa April ndi June, ndipo kuswa kumafika pachimake m'miyezi yozizira. Makoko omwe alowa m'khola mu July n'kusamutsidwira m'dzenje mu August amakhala atapsa pomwe mvula yobzalira ikugwa kumapeto kwa November kapena mu December. Omwe adikira mpaka October, mwini wake atamva mtengo watsopano wa feteleza pawailesi, sangathandizenso chimanga cha chaka chimenecho, ndipo pofika nthawiyo milu yambiri ya ku Kamwendo ndi ku Mponela imakhala itasanduka kale phulusa.